Lero Sanadzuke

"Ndewu zake ndiye moto, koma gawo lachiwirili n'labodza," anadandaula anthu m'nyumba ya kanema ya Ganizani pa Kasakula. "Ngwazi zouluka zija zinaika mnzawo m'manda m'gawo loyamba. Akudzukanso bwanji?"

Atatopa ndi madandaulowo, Ganizani anadula m'filimuyo malo amene mnzawoyo amadzuka. Loweruka anthu anaomba m'manja mpaka kumapeto.

Onse atatuluka, pabenchi yakumbuyo panatsala mayi Nambewe. Chimwalirireni mwana wawo Yosefe, yemwe anagwa pa lole ya fodya, iwo sankajomba filimuyi ikamaonetsedwa.

"Yathatu, amayi," anatero Ganizani.

"Mnyamata uja lero sanadzuke?"

Ganizani anangoyang'ana pansi.

Mayiwo anamanga chitenje chawo pang'onopang'ono. "Ndinkadziwa ine kuti tsiku lina nayenso adzamusiya kumanda komweko."