Kandege ka Dingani ndi Malasha a Ba Yoramu

Kandege ka Dingani kanagwera kuseri kwa mitengo ku Bundabunda, koma pa rimoti timizere ta siginolo tinali kuonekabe.

Kandege aka anakamanga yekha, ndipo Loweruka kanali koti kakapikisane ku Silverest. Popanda iko, mpikisano akauonera kunja kwa mpanda. Mkati mwa kandegeko munali risiva, kachinthu kang'ono ngati chikhadabo, kamene kamamvera rimoti ya mwini wake basi. Dingani sanali kutopa kudzitama nako. M'mawa womwewo analumikiza karisiva kena ka sipeya ku pawabanki, batire yotchajira foni, kuti mnzake Kelly aone mmene kamayakira nyali ya girini kakamva rimoti, kenako zonse anaponya m'chola.

"Risiva ikali moyo," anatero Dingani. "Ukayandikira, timizere tichuluka. Nyamula chola, tiye."

Kelly ndi wa miyendo yaitali, anathamangira kutsogolo chola chili kumsana. Dingani anatsatira, maso pa rimoti. Akaima kuti apume, timizere tichepa. Akathamanga, tichuluka.

"Kali kuyenda. Winawake wakatola," anatero Dingani.

Pamsewu wafumbi panali munthu mmodzi yekha, ba Yoramu, bambo achikulire ogulitsa malasha, akukankha njinga yolemedwa ndi masaka. Kelly anawapeza, n'kuwagwira pakolala ya malaya. Dingani atafika, timizere tinadzaza.

"Ba mudala, tipaseni kandege," anatero Dingani.

"Kandege ka bwanji, mwana wanga? Ine nili na malasha chabe."

"Makina sanama," anatero Dingani.

Anthu a pakantemba, kasitolo ka chapafupi, anabwera. Dingani anawaonetsa umboni. Anabwerera m'mbuyo mpaka pachulu, timizere tinachepa. Anayandikiranso pomwe Kelly anagwira mudalayo, tinadzaza. Anachita kawiri, pang'onopang'ono, ngati mphunzitsi. Mayi wina anakuwa kuti kawalala, wakuba, ndipo mawuwo anagwira ngati moto paudzu.

Wina anatulutsa mpeni n'kung'amba masaka. Malasha anamwazika pamsewu, anthu akuwaponda, akuwafukula ndi mapazi. Munalibe kanthu.

"Abisa m'malaya," anatero mnyamata wa pakantemba.

Malaya anang'ambika. Khofi loyamba Dingani sanaone amene anamenya, anangomva kulira kwake. Ba Yoramu anakhala pansi pakati pa malasha awo, magazi pamlomo, akuyang'ana Dingani yekha.

"Mwana wanga, kandege kako sin'nakaonepo."

Dingani anafuna kunena kuti basi, zakwana, koma anayang'ana pa rimoti. Timizere tinali todzaza.

Kagalimoto kena kanaima. Amuna awiri anakweza mudalayo kumbuyo kuti akanene bwino kupolisi ku Chongwe komwe wabisa. Kagalimotoko kananyamuka, kanakhota, fumbi linatsika. Anthu anabwerera kukantemba, ena atanyamula malasha m'zitenje. Njinga inatsala chogona, gudumu likuzungulirabe.

Dingani anayang'ananso pa rimoti. Mudala wapita, koma timizere sitinachepe ngakhale kamodzi.

"Foni yanga yazima," anatero Kelly, akutsitsa chola kumsana. "Pawabanki unaika mu thumba liti?"

Anatsegula zipi. Pansi pa chola, karisiva ka sipeya kaja kanali kolumikizidwabe ku pawabanki, kakuyaka girini.