Chithunzi cha Mjigo Wakufa

Panali munthu wina ku Chileka, dzina lake Greyson, yemwe ankagwira ntchito kubungwe lina lokonza mijigo m'midzi ya ku Lirangwe. Akuti izi zinachitika chaka chimene kolera inavuta chija.

Ntchito yake inali yoyang'anira dashibodi, tsamba la pakompyuta loonetsa mijigo yonse ngati timadontho. Kadontho kakafiira ndiye kuti mjigo wafa, kakabiriwira ndiye kuti ukutulutsa madzi. Mabwana a ku Lilongwe ankangoyang'ana pamenepo n'kudziwa kotumiza amisiri ndi mankhwala othira m'madzi. Ndiye panali lamulo lakuti kadontho kasasinthidwe popanda kuikapo chithunzi cha mjigowo, ndipo chithunzicho ajambule yekha Greyson.

Greyson sanali munthu woipa, kungoti msewu wopita kumudzi wina kuseri kwa Lirangwe, komwe mjigo unali utafa, unkamugwetsa ulesi, makamaka ndi dzuwa la Okutobala. Tsiku lina mmisiri wachilendo, yemwe bungwe linali litangomupatsa kumene ntchito, anamuimbira foni.

"Bwana, musadzivutitse kubwera. Mjigo uja ndakonza, madzi akuchita kukhavukira. Ndikutumizirani chithunzi."

Chithunzi chinafikadi, chokongola: madzi akusefukira m'ndowa, kumbuyo kwake chimanga chobiriwira. Sikina, mnzake wa muofesi, anasuzumira pakompyutapo.

"A Greyson, chimanga chamasula kale mvula isanagwe?"

"Mwina n'chakudimba."

"Mwina. Komabe tapitani mukaone nokha. Njinga yamoto ili panjapo, mafuta alimo."

"Achemwali, munthu wamkulu ngati uja angandinamize chifukwa chiyani?"

Sikina anabwerera pampando wake. Greyson anaika chithunzicho, kadontho kanabiriwira, iye n'kuweruka mtima uli m'malo.

Mvula itayamba, kolera inalowa m'deralo. Galimoto yogawa mankhwala inazungulira midzi yonse yamadontho ofiira, koma mudzi uja inaudumpha, poti dashibodi inkati kumeneko madzi abwino alipo.

M'mawa wina muofesi munalowa mayi wachikulire, miyendo ili matope okhaokha. Anati dzina lawo ndi Getrude, a m'komiti ya mjigo wa m'mudzi uja. Anamasula chitenje, natulutsa botolo la madzi akuda bii, n'kuliika patebulo la Greyson.

"Bambo, ndamva kuti ndinu amene mumauza akuluakulu kuti kwathu kuli madzi. Ndi amenewa. Imwani."

Mayiwo anakankhira botololo kwa iye n'kupitiriza.

"Mmisiri wanu anabwera, anazula mapaipi, anakweza pagalimoto kuti akawotcherere, mpaka lero. Tikumwa a mumtsinje. Pano ndikulankhula, mdzukulu wanga Fyness ali m'tenti ya kolera kuchipatala."

Greyson anatulutsa foni yake msangamsanga. Anaimbira mmisiri uja, foni yosapezeka. Apa anazindikira kuti chithunzi chija chinali cha mjigo wa kwina, chojambulidwa nthawi yadzinja. Dzanja lake linalunjika pakompyuta kuti achifufute mwakachetechete, pasapezeke womuloza chala. Sikina anamugwira mkono.

"Musafufute. Tiyeni kwa abwana, tipitire limodzi. Inenso ndinakayikira koma ndinangokusiyani."

Analowa kwa a Amadi, mkulu wa ofesiyo, ndipo Greyson anafotokoza zonse. Ankadikira kumva kuti ntchito yatha. Koma a Amadi anati:

"Za inu tikambirana pambuyo. Panopa fiiritsani kadonthoko, munyamule mankhwala, muwatenge mayiwa. Nyamukani."

Tsiku lomwelo anayenda khomo ndi khomo m'mudzimo, kuthira mankhwala m'mitsuko ndi m'zigubu. Ena ankamulalatira, iye n'kumangopitiriza ntchito. Atamaliza anapita kuchipatala n'kukaima kunja kwa mpanda wa tenti ija. Aka kanali koyamba kuti apempherere mwana yemwe sanamuonepo nkhope. Mawa lake anabweranso, mkuja chimodzimodzi. Kenako anaona mayi Getrude akutuluka, akusamba m'manja pachipata.

"Wadzuka," anatero. "Wapempha phala."

Greyson anakhala pansi pomwepo, pamatope, misozi ili chuchuchu.

M'mudzimo simunafe munthu. Bungwe linatumiza amisiri ena ndi mapaipi atsopano, ndipo wachilendo uja nkhani yake inapita kupolisi. Greyson anapatsidwa chenjezo lomaliza, koma ntchito sinathe, chifukwa a Amadi anati munthu wovomera kulakwa kwake zinthu zisanafike poipitsitsa ngofunika kumusunga.

Tsiku limene mjigo unayambanso kutulutsa madzi, Greyson anapita yekha, anapopa yekha, n'kujambula. Atatero anawapeza mayi Getrude pakhonde akupeta chimanga, Fyness atawatsamira pamwendo. Anagwada.

"Mayi, ndabwera kudzathokoza. Mukanatha kupita kuwailesi kapena kwa mabwana a ku Lilongwe, bwenzi ine nditathera pomwepo. Koma munabwera kwa ine."

Mayiwo anapitiriza kupeta.

"Ndinkafuna madzi, bambo, osati mutu wanu. Dzukani, anthu angayese mukundifunsira."

Mpaka lero Greyson akamakamba za anthu amene anamupulumutsa, amatchula amayi awiri: amene anamuikira botolo patebulo, ndi amene anamugwira mkono.

Phunziro: Chithunzi chimene mukuika pa lipoti la kuntchito si chokongoletsera ayi, pali anthu amene moyo wawo ukudalira pamenepo. Musaike chimene simunachione ndi maso anu, musanyoze mnzanu akakuchenjezani, ndipo mukalakwa musathamangire kufufuta. Thokozani amene amakuuzani zoona pamaso. Tumizirani nkhaniyi anzanu onse olemba malipoti, mwina mungapulumutse mudzi wina.