Mlonda Amene Anatsekeredwa Kunja

Panali munthu wina wolemba mapulogalamu a pa kompyuta, ndipo amene anandiuza akuti zinachitikadi. Ku ofesi ankamutcha Pompopompo, chifukwa chilichonse ankafuna chithe nthawi yomweyo. Sanali munthu woipa ayi. Kukatentha, ndiye ankasiyira anzake mpando wapafupi ndi zenera.

Kampani yawo inali yaing'ono. Inkapangira sukulu ina pulogalamu yosunga mayina a ana ndi manambala a foni a makolo, ndipo mwana wake wamkazi ankaphunzira pomwepo. Zonse zimene ankalemba ankazisunga malo amodzi pa intaneti, amene ankawatcha nkhokwe.

Tsiku lina abwana anagula chida chofufuza zolakwika, anthu n'kuchipatsa dzina loti Mlonda. Ntchito yake inali kulowa m'nkhokwemo, kuwerenga zatsopano zonse, n'kuchenjeza ngati wina wasiya mpata wolowera akuba. Zinthu zikakhala bwino, sikirini yapakhoma inkaonetsa zobiriwira. Koma kuti Mlonda alowe pankafunika kiyi, ndiye kuti mawu achinsinsi ataliatali. Ntchito yolumikizayo anapatsa Pompopompo.

Mayi woyang'anira zachitetezo, amene onse ankawatcha Anti, anamuitana.

"Mwanawe, Mlondayu umupangire kiyi yakeyake, ya m'dzina la kampani, yongowerengera basi. Usamubwereke yako."

"Aaa, Anti, imeneyo mpaka abwana avomereze, ndiye abwera Lachisanu. Yanga ili pompano."

"Lachisanu si chaka chamawa."

"Ndingoyesera kaye, ndisintha."

Anaika kiyi yake. Sikirini inabiriwira, anzake anamuombera m'manja. Lachisanu litadutsa Anti anamufunsa ngati anasintha. Iye anangoloza pakhoma akuseka, "Taonani nokha, zili bwinobwino." Nkhani inathera pomwepo.

Patapita miyezi, foni yake inatayika m'basi. Apa anachita zanzeru: anathetsa makiyi ake onse kuti wotolayo asalowe paliponse. Chimene sanakumbuke n'chakuti imodzi mwa makiyiwo ndi imene Mlonda ankalowera. Kuyambira tsikulo Mlonda anatsekeredwa kunja. Ankatumiza madandaulo ku imelo ya Pompopompo, koma ankangokwiririka m'mauthenga ena osawerengedwa. Sikirini inaima pa zotsatira zomaliza, zobiriwira zija.

Ntchito inkapitirira. Mnzake wina pokonza tsamba la pa intaneti la makolo anasiya mpata mosadziwa. Anayang'ana pakhoma n'kunena kuti, "Mlonda sanakuwe, zipite." Zinapita kusukulu.

M'mawa wina mkazi wa Pompopompo anaimba foni akupumira m'mwamba.

"Bambo ake, mwana wagwa pamasitepe kusukulu! Andiimbira, atchula dzina lake, kalasi yake, ngakhale aphunzitsi ake. Akuti nditumize ndalama ya ambulansi msanga."

"Musatumize kanthu. Thamangani komweko, tikumana."

Mayiyo anatuluka osatseka chitseko, mphika uli pamoto. Neba wawo ndiye anauphula n'kukhala pakhomo kudikira. Pageti la sukulu anapeza makolo ena, ena akulira, ena atatumiza kale. Onse anaimbiridwa ndi anthu osadziwika. Aphunzitsi anatulutsa ana mmodzimmodzi. Wake anatuluka ali bwinobwino, pensulo m'manja, n'kuyang'ana pansi.

"Amayi, mwavala nsapato zosiyana."

Mayiyo anangomukumbatira.

Madzulo ake Pompopompo anabwerera ku ofesi. Anti anatsegula tsamba la Mlonda kuti aone tsiku limene analowa komaliza m'nkhokwe. Pompopompo ataona tsikulo, analizindikira. Linali tsiku lotaya foni lija.

"Anti, kiyi ija sindinasinthe."

Anti sanakweze mawu. Sananene n'komwe kuti ndinakuuza. Anangokoka mpando wina.

"Khala apa. Nanenso ndinakhulupirira khoma. Tiye tipange yoyenera."

Abwana anavomereza pomwepo, ndipo kiyiyo anaipanga tiyi asanazizire. Mlonda atangolowa, sikirini inafiira, n'kuloza mpata uja, umene akuba analowera n'kutenga mayina a ana ndi manambala a makolo. Anautseka tsiku lomwelo, ndipo anakonza zoti Mlonda akalephera kulowa, uthenga uzifika kwa onse.

Ntchito sanamuchotse. Anapita ndi abwana kukapepesa pamaso pa makolo, mkazi wake atakhala kutsogolo. Koma manambala amene anatuluka sakanabwezeka. Mpaka lero nambala yachilendo ikaimba masana, mkazi wake amayamba wayang'ana wotchi kuti aone ngati mwana akadali kusukulu. Pompopompo amaona zimenezo, ndipo amadziwa kumene zinachokera.

Phunziro: Polumikiza chida chofufuza zolakwika ndi nkhokwe ya mapulogalamu anu, chipatseni kiyi yakeyake yongowerengera, osati yanu, ndipo muziona tsiku limene chinalowa komaliza m'malo mongokhulupirira mtundu wapakhoma. Kuseri kwa zimene mumalemba kuli ana a anthu. Tumizirani nkhaniyi mnzanu amene amakonda kunena kuti "ndisintha".