Mchotseni Gajda!

Mpikisano wakhumi ndi chitatu utatha, Mayi Jolanta anapukuta dothi kumaso n'kulavula pansi. Tymon Gajda, wokwera njinga wa timu yawo, anali atamalizanso kumbuyo kwa anzake onse atatu, kachitatu tsiku limodzi.

Malo a Mayi Jolanta anali pa kona yoyamba, pamene njinga zamoto zinayi zopanda mabuleki zimathithikana n'kuwaza anthu dothi. Timu ya m'tauni mwawo ikagonja Lamulungu limeneli, ituluka mu ligi yayikulu ya dziko la Poland. Panatsala mipikisano iwiri, ndipo okwera m'mipikisano imeneyi amasankhidwa ndi mphunzitsi wa timu pompo. Mayi Jolanta ankafuna chinthu chimodzi basi: Gajda asakwerenso njinga lero.

Pambali pawo panali Bambo Henryk, amene ankatafuna nthanga za mpendadzuwa n'kumalavulira makoko pansapato za anthu.

"Ligi iyi yafa, mayi," anatero Bambo Henryk. "Matimu olemera akugula okwera a ku Denmark ngati mbatata pamsika, ife tatsala ndi ana oopa kufa. Zaka zisanu zikubwerazi pabwalo pano padzakhala sitolo, mudzandiuza."

"Nthawi yathu munthu ankathyoka mwendo Lachisanu, Lamulungu ali panjinga," anavomereza mnzawo wina wa mpando wakumbuyo, bambo wa mimba yoti ngakhale njinga yakapalasa ingamukane.

 Kwa zaka zambiri Mayi Jolanta ankamva nzeru zomwezi kuchokera m'kamwa monunkha mowa ndi soseji. Amuna amenewa amadumpha ndi chimwemwe munthu akawombana ndi mpanda, kenako n'kumadandaula kuti ambulansi ikuchedwetsa masewera. Ankanyansidwa nawo onse, koma lero makamwa awowo anali ndi ntchito.

"Ndiye mukunong'onezera ine bwanji, bambo?" anafunsa Mayi Jolanta. "Mphunzitsi ali m'khutu mwangamu? Nonse mwaona, Gajda akuchepetsa moto asanafike n'komwe pakona. Akakweranso, timu yapita."

Anaimirira pampando, naika manja kukamwa.

"Mchotseni Gajda! Mchotseni!"

Bambo Henryk analandira mfuuwo. Mzere wakumbuyo unatsatira, ndipo posakhalitsa kona yonse inkagunda mapazi ndi kuimba malikhweru. Anthu amene mwezi wathawu ankapempha Gajda kuti awasainire zipewa, tsopano ankamutchula kamba. Wina anati akagulitse maluwa kumanda. Wina anamutukwanira mayi ake mawu oti sangalembedwe m'nyuzi. Mayi Jolanta anakuwa koposa onse, mpaka kukhosi kunayamba kuwotcha.

Kutsidya, kumene okwera amakonzera njinga zawo, mphunzitsi anayang'ana gululo, nayang'ananso pepala lake. Anakanda m'mutu nthawi yaitali. Kenako analemba.

Chimkuzamawu chinawerenga mayina asanu ndi atatu a mipikisano iwiri yotsalayo. La Gajda panalibe. Anthu anaomba m'manja ngati timu yapambana kale.

"Mayi, pakamwa muli napo!" anatero Bambo Henryk akuseka. "Otsatira onse akanakhala ngati inu, ligi yathu ikanachira."

 Mayi Jolanta anatsika pampando n'kukhala pansi.

Njinga zisanatuluke, Gajda anaoneka akuyenda m'mbali mwa mpanda, nkhope ili yakuda ndi dothi. Malikhweru anayambiranso, makapu a mowa akuuluka. Iye sanacheuke. Anafika pa kona yoyamba, naima, nayang'ana m'mwamba. Anthu anati zii, akuyembekeza kuti atukwana kuti nawo amubwezere.

"Amayi," anatero Gajda, mawu ali otsika, "pa anthu onsewa, mawu anu okha ndi amene ndawamva. Kunyumba musandidikire."

Mayi Jolanta anagwedeza mutu. Gajda adane nawo, bola atuluke m'bwalomu akuyenda yekha. M'mawa umenewo ndi iwo amene anamumanga mwana wawoyo phewa lothyoka, lomwe mwanayo anabisira dokotala wa timu.