Paipi ya Mpweya ya M'dimba Mwanga

A Yotamu, alamu anga, anazula paipi ya mpweya m'dimba mwanga tsiku lomwe tinameta maliro a amuna anga. Akuti ndi katundu wa malemu, ngati njinga ndi nsapato.

Inu a komiti ya mpweya, lamulo mukulidziwa, munalipanga ndinu. Nthaka siipumanso yokha, ndiye banja lililonse paipi imodzi, m'dzina la mwamuna. Pano dimba langa labanika, likununkha ngati dzira lovunda.

Ndinathira feteleza, chimanga n'kukhalabe chachikasu. Alangizi, mayi Nachuma, ananunkhiza dothi nati, "Tizilombo ta m'nthaka, tosaoneka ndi maso tija, sitifa wamba. Tikasowa mpweya timapuma feteleza wanuyo, n'kumuulutsira m'mwamba."

"Ndiye ndikuthirira ito, osati chimanga?"

"Eya, mayi."

Tsopano m'mawa uliwonse ine ndi apongozi anga, mayi awo a Yotamu omwewo, timalowa m'dimba ndi pampu ya njinga imene alamuwo anaiwala kutenga. Ine ndimabaya dothi ndi chitsulo, iwo n'kumapopa, phando ndi phando. Akatopa amakhala pansi n'kumati, "Mwana wanga, ndibaye nanenso, undipopeko."

Dzulo a Yotamu anaima pampanda. "Alamu, pampuyonso ndi ya malemu."

Tizilombo tapeza kothawira, ana anga sangapume feteleza. Inu a komiti ya mpweya, amene anasiya kupuma ndi amuna anga, dimba silinasiye. Paipiyo munaikira ndani? Ndiyankheni chimanga chisanaume.