Tupochile ndi Viza ya Mwamuna Wake

"Mayi, diso lanulo latupa ndi chiyani?" anafunsa wapolisi wachizimayi ataima pakhomo.

Tupochile anadziwa kuti amene waimba foni kupolisi ndi mayi wa nyumba yapansi, yemwe anatopa kumva kulira kwake Lamlungu lililonse anthu a m'dera lawo la Partick akupita kutchalitchi.

Wapolisiyo anamutengera kukhitchini, kutali ndi mwamuna wake Clifton, amene anali pabalaza akumanga tayi.

"Musaope," anatero motsitsa mawu. "Boma likufuna kuti aliyense m'dziko muno akhale wotetezeka. Mukangonena, bamboyu timunyamula pompano."

Mawu anafika pakhosi. Koma Tupochile anabwera kuno ku Glasgow, m'dziko la Scotland, pa viza ya Clifton, yemwe ankachita maphunziro apamwamba payunivesite. Dzulo lake lomwe mwamunayo anali atamukumbutsa kuti, "Akandimanga ine, sukulu yatha, viza yatha. Iwe ndi mwana wakoyo mukwera ndege." Ndipo mwanayo, Jessica, anali pamndandanda wodikira opaleshoni ya mtima, imene kwawo ku Ntcheu sakanailota n'komwe.

Boma lofuna kumutetezalo linali lomwelonso losunga zipata za dziko.

"Ndinagunda chitseko cha kabati," anatero Tupochile.

Wapolisi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapumira m'mwamba. Potuluka anaima pamaso pa Clifton.

"Akazi anuwa akuoneka otopa. Muziwasamalira."

"Musadandaule, ndithana nazo," anayankha Clifton mwaulemu, akumwetulira.

Anadikira mpaka mapazi a wapolisi atasiya kumveka pamasitepe. Kenaka anakhoma chitseko, nayamba kumasula tayi.