Masamba Pamsewu

Chiletsereni anthu kuyendetsa galimoto, odwala a m'mudzimo amanyamulidwa ndi ngolo yodziyendetsa yokha. Yatsopanoyi inaphunzira ntchito m'tauni, ndiye itapeza masamba a maliro atayalidwa pamsewu, inangoima chilili.

M'ngolomo, Nangondo anakhudza mwana wake pachipumi. Panali potentha ngati moto.

"Bambo ake Mwaiwawo, yaimiranji?"

"Ikuyesa pagwa mtengo," anatero amuna ake. "Zoterezi siinazionepo."

Nangondo anatsika, namangitsa chitenje, n'kuyenda patsogolo pake pang'onopang'ono atazolika, akuponda masambawo. Ngolo inazengereza, kenako inamutsatira.

Pamasamba achiwiri, atapitirira pasiwa, ngolo inadutsa yokha mwaulemu womwewo, osafulumira ngakhale pang'ono.

"Ulemu wakwana, iwe!" anakuwa Nangondo akukwera. "Thamanga tsopano, mawa asayale athu!"